Funsani za Makompyuta: Imayenda bwino m'mawa, masana n'kuyamba kukwawa

FUNSO: Ndili ndi kabizinesi kotayipa makalata, kusindikiza ma CV ndi kuchita fotokope kuno ku Ndirande. Ndimagwiritsa ntchito kompyuta ya patebulo imene ndinagula kwa munthu wina zaka zinayi zapitazo, ndipo ili ndi Windows 10, RAM ya 4GB ndi hard disk ya 500GB. M'mawa imagwira ntchito bwinobwino, koma masiku ena, makamaka masana, imayamba kuchedwa mwadzidzidzi moti ndimatayipa mawu n'kumadikira kuti atuluke, kasitomala ali chiimire. Pakapita mphindi 15 kapena 20 imayambanso kuyenda ngati palibe chachitika. Mnyamata amene amandikonzera waifomata kale kawiri, ndipo tsopano akuti ndigule ina. Kodi yathadi ntchito? Ndine mayi wa ku Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Mayi, ndalama zanuzo zikhale kaye m'thumba. Kompyuta imene yakalamba moti singathenso ntchito imachedwa m'mawa, masana ndi madzulo omwe, pomwe yanuyi imadwala n'kuchira yokha, kusonyeza kuti pali chinachake chimene chimabwera n'kupita. Ngakhale kufomata kumene sikunathandizeko kwatiuza kanthu, chifukwa kufomata kumafufuta mapulogalamu onse, ndiye ngati vuto labwerera kawiri konse, ndiye kuti lili m'zipangizo zenizeni za m'kati, kapena ndi chinthu chimene chimalowanso nthawi iliyonse Windows ikaikidwa.

Vuto lotere limagwidwa likuchitika, osati litapita. Ikangoyamba kuchedwa, musaizimitse, koma dinani mabatani atatu awa nthawi imodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka Task Manager, ndipo mukalowa pamene palembedwa Performance muona CPU, Memory ndi Disk, chilichonse chili ndi nambala yosonyeza mmene chatanganidwira. M'kope lomwe lija mumalembamo za makasitomala, lembani nthawi, zimene mumachita, ndi chimene chakwera kwambiri pa zitatuzi. Mukatero kwa sabata imodzi mudzakhala mukudziwa zambiri kuposa wokonza amene amangoiona m'mawa ili yozizira, ikuyenda ngati yatsopano.

Pa zimene mwafotokozazi, choyamba kuchikayikira ine ndi kutentha. Processor (CPU ija), kachipangizo kamene kamawerengetsa zonse m'kompyutamo, imadziteteza ikatentha kwambiri podzichepetsera liwiro mpaka itazizirako, ndipo ma processor ambiri a Intel amachita zimenezi akamayandikira madigiri 100. Ikazizira imabwerera pa liwiro lake, n'chifukwa chake zimaoneka ngati kompyuta yachira yokha. Chizindikiro chake mudzachiona pa Performance pomwepo, pamene palembedwa Speed: ngati nthawi zonse pamakhala pafupifupi 3 GHz koma pa nthawi ya vutoyo pakutsika mpaka pansi pa 1 GHz pamene muli pakati pa ntchito, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, ndiye kuti mwamugwira wakubayo. Pulogalamu yaulere yotchedwa HWMonitor imaonetsa madigiri enieniwo. Kompyuta imene ikungotayipa makalata sikuyenera kufika madigiri 90.

Ganizirani za malo amene kompyutayo ikukhala. M'mashopu ambiri amene ndalowamo ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Limbe, bokosi la kompyuta limakhala pansi pa tebulo, kumbuyo kwake kutagunda khoma, pafupi ndi makina a fotokope amene amatulutsa mpweya wotentha, denga lili la malata opanda siling'i. M'miyezi ya September ndi October fumbi la mumsewu limalowa tsiku lonse, fani n'kumalikokera m'kati mpaka limaundana ngati thonje pakati pa tizitsulo tozizitsira processor. Ena, pofuna kuiteteza ku fumbilo, amaifunditsa chitenje ikugwira ntchito, osadziwa kuti akuitseka mphuno. Dzifunseninso ngati vutoli limachepa nthawi ya chiperoni mu June ndi July, chifukwa ngati ndi choncho umboni wawonjezeka.

Kuchiza kwake sikudula. Izimitseni, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, tulutsani bokosilo panja, tsegulani chivindikiro cha m'mbali n'kuuzira fumbi ndi blower, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso. Nsalu yonyowa isayandikire m'katimo. Popeza kompyutayo munaigula yogwirapo kale ntchito, n'kutheka kuti mafuta otuwa amene amapakidwa pakati pa processor ndi chozizitsira chake, omwe okonza amati thermal paste, anauma kalekale, ndipo mnyamata wanuyo angathe kupukuta akalewo n'kupaka atsopano pa mphindi zochepa. Mukamaibwezera, ikeni pamwamba ndipo musiye mpata kumbuyo kwake.

Tsopano ngati Speed sikutsika koma Disk yaima pa 100%, nkhani yasintha, ndipo apa pali njira ziwiri zimene muyenera kuzisiyanitsa mosamala. Yoyamba ndi yakuti RAM (Memory ija), malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene mwatsegula, yachepa. Windows 10 payokha imadya gawo lalikulu la 4GB, ndiye mukatsegula Word, masamba angapo a Chrome ndi WhatsApp ya pakompyuta, komanso chithunzi chimene mwasikana, malo amatha ndipo Windows imayamba kusungira zina pa hard disk, imene ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Zikatero Memory imakhala itadutsa 85 kapena 90%, ndipo zimachitika masana chifukwa ndi pamene ntchito zotsegula zaunjikana. Windows Update ndi Microsoft Defender (pulogalamu yolimbana ndi ma virus imene imabwera ndi Windows) zikayamba ntchito yawo mwakachetechete pa nthawi yomweyo, disk imalephereratu kupuma. Mukalowa pa Processes n'kudina mutu wa Disk, pulogalamu imene ikudya kwambiri imakwera pamwamba pa mndandanda.

Njira yachiwiri ndi yoopsa, ndipo ndikupemphani kuti muifufuze lero lomwe. Hard disk ili ndi mbale zozungulira m'kati, zambiri maulendo 7,200 pa mphindi, ndipo ikayamba kuwonongeka, mutu wowerengera ukafika pamalo owonongekawo umabwereza kuwerenga kambirimbiri, kompyuta yonse itaima kudikira. Ukadutsapo zonse zimayendanso bwino, choncho nakonso kumakhala kuchedwa kobwera n'kupita. Ikani pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Ikalemba Good, mtima ukhale pansi pang'ono, koma ikalemba Caution mwachikasu kapena Bad mofiira, kapena ngati mumamva kaphokoso kogogoda m'bokosimo, koperani mafayilo onse a makasitomala anu kwina musanachite china chilichonse. Disk yotere kufomata sikuichiza, ndipo tsiku lina idzangokana kudzuka.

M'njira ziwiri zonsezi, chimene ndingakulangizeni kugula ndi SSD, chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hard disk, ya mtundu wa SATA, imene imalowa pa chingwe chomwecho cha hard disk yanu. Ilibe chozungulira m'kati, imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pomwe hard disk yakale imangopitirira pang'ono 100MB, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono timene Windows imatsegula nthawi zonse kusiyanako n'kwakukulu kuposa apa. Ya 256GB ikukwanirani pa ntchito yanu, ndipo mukawonjezera RAM kufika 8GB mudzaiwala kuti ndi kompyuta yomwe ija. Wogulitsa RAM mumuuze ngati yanu ndi DDR3 kapena DDR4, chifukwa sizilowerana.

Za ma virus ndanena mochedwa dala, chifukwa ndi zimene aliyense amathamangira kunena, koma kwa inu amene mumalandira mafulashi a anthu tsiku lonse sitingazinyalanyaze, ndipo ndi zina mwa zimene zimabwerera pambuyo pofomata. Ngati CPU ili pamwamba ndipo pa Processes pali dzina lachilendo, kapena mafoda a m'fulashi akusanduka ma shortcut, chitani Full scan ya Defender. Musaike ma antivirus awiri, pakuti amalimbana okhaokha n'kuchedwetsa kompyuta kuposa virus imene mukuiopayo. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, choncho funsani ngati kompyuta yanu ingalandire Windows 11, ngakhale kuti zakale zambiri sizikwanitsa zimene imafuna.

Anthu ambiri amanamizira magetsi pa nkhani imeneyi. Mphamvu ikachepa, kompyuta ya patebulo nthawi zambiri imazima kapena kuyambiranso yokha, osati kuchedwa. Chimene kuzima kwadzidzidzi kumachita ndi kuwononga mafayilo, nthawi zina ndi disk imene, ndipo ndi pa chifukwa chimenechi UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kamene kamapatsa kompyuta mphamvu kwakanthawi magetsi akazima, ili yofunika m'shopu ngati yanu.

Mnyamata wanuyo akabweranso, musamuuze kuti ikuchedwa basi. Muonetseni kope lija, mumupemphe ayambe ndi kuuzira fumbi ndi kusintha thermal paste, kenako aone zimene CrystalDiskInfo yalemba, ndipo asinthe chinthu chimodzi pa nthawi n'kukusiyirani masiku atatu kapena anayi a dzuwa kuti muone ngati vuto la masana labwereranso.