Mwana akati tauni ndi yabwino, koma akufuna kwa agogo

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wandilembera imelo. Banja lawo linasamuka ku Ntchisi chaka chatha. Mwana wawo wamkazi wa Sitandade 5 akaonera TV kapena akadya tchipisi cha pachiwaya amati kumudzi sadzabwererakonso, koma madzulo ena amangoyamba kulira kuti akufuna kwa agogo. Mayiwa akufunsa ngati kumeneku ndi kusayamika.

Mayi, si kusayamika ayi. Zonse ziwiri akunena kuchokera pansi pamtima, ndipo musamukakamize kusankhapo chimodzi. Magetsi, sukulu yapafupi, madzi a pampopi, zimenezi amazikondadi.

Koma taganizani zimene wasiya. Ku Ntchisi ankapita yekha kudambo, ankatola masuku, ankasewera phada ndi fulaye pabwalo mpaka kachisisira, ndipo aliyense wokumana naye panjira ankadziwa kuti uyu ndi mdzukulu wa auje. Kuno mwamuuza kuti asatuluke pageti, asacheze ndi anthu osawadziwa, asamale ndi njinga zamoto za kabaza. Mwachita bwino kumuuza, mzindawu ndi waukulu: kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu Lilongwe. Komabe kwa mwana, dziko lake lonse latsala kabwalo ka mkati mwa mpanda ndi njira ya kusukulu. Mango omwe ankangothyola, lero mpaka mutulutse ndalama. Ana amaziona msanga zoterezi, monganso amaonera kuti mnzawo amatsika m'galimoto pomwe iwo afika nsapato zili fumbi lokhalokha. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ana ena amasekedwa chifukwa cha kalankhulidwe kakwawo, n'kuyamba kukhala chete m'kalasi.

Ndiye musamufunse kuti kwabwino n'kuti. Mufunseni kuti wasowa chiyani kwenikweni. Mwina ndi nthano za agogo, mwina mnzake wina wake, mwina kungoyenda popanda womulondera. Akatchula, mupeza kuti zina n'zotheka konkuno. Dziwanani ndi makolo a nyumba ziwiri kapena zitatu zoyandikana nanu, kuti anawo azisewera limodzi wamkulu mmodzi akuyang'anira. Azilankhula ndi agogo pafoni Lamlungu lililonse, iye yekha, inu osamulanda foniyo pakati. Mupatseni thumba la dothi adzalemo mpiru kapena tomato wake. Ndalama ikapezeka, kamuonetseni Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalirako nyama zakutchire, aone kuti m'tauni momwemu mulinso nkhalango. Patchuthi chachikulu mulekeni apite ku Ntchisi, ndipo akabwerako akudandaula za mdima ndi kutunga madzi kutali, musamuseke kuti suja unkalira.

Pali zina zofunika kuchitapo kanthu msanga. Akayamba kukana sukulu, kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse, kusiya kudya kapena kukodza pogona pomwe anasiya kalekale, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake sabata yomweyo, mukafunse amene amakhala naye pafupi m'kalasi ndi amene amasewera naye pa buleki.