Funsani za kudimba: ndimathirira kawiri pa tsiku, bwanji basil akufotabe?

FUNSO: Zikomo alangizi. Mlamu wanga anandigawira mbande zitatu za basil (chomera chokometsera zakudya), uja masamba ake ukawafikisa m'manja amanunkhira ngati ndimu. Ndinazibzala m'zigubu za mafuta ophikira za malita 5 zomwe ndinadula pakati, ndipo zimakhala pakhonde. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya, koma masamba am'munsi asanduka achikasu ndipo mbande imodzi yafoteratu. Kodi ndiwonjezere madzi? Kapena ndi dzuwa la Okutobala lino? Ndine mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, musawonjezere. Tulani kaye ndowayo, munyamule chigubu chimodzi musuzumire kunsi kwake. Mwatiuza kuti munadula zigubuzo, koma zoti munaziboola simunanene. Ine ndikuona kuti mbande zanuzo sizikufa ndi ludzu. Zikumira.

Chomera chosowa madzi ndi chomera chokhuta madzi zimafota mofanana, n'chifukwa chake ambiri timapusitsika. Mizu nayo imapuma. Dothi likangokhala chinyowere usana ndi usiku, mpweya umathawamo, timizu toyamwa madzi timawola, ndiye masamba amalendewera chonsecho chigubu chili chodzaza. Mwiniwake akaona choncho amathamangira kumpopi kukatunga ena, n'kumalizitsiratu. Inenso zinandionekera chaka china mu Januwale. Ndinaiwala chidebe panja mvula ikugwa sabata yathunthu, kunsi kwake kuli mbale yolandira madzi. Nditazula chomeracho, mizu yomwe imayenera kuyera ngati ulusi inali yofiirira, yoterera, ikungothothokera m'zala, ndipo dothilo linkanunkha ngati matope a m'dambo. Zulani mbande yafoteratuyo mununkhize. Mukamva fungo limenelo, musafunsenso kwina.

Ziwiri zotsalazo zikhoza kupulumuka. Tenthetsani msomali pambaula, muboole timabowo 5 kapena 6 kunsi kwa chigubu chilichonse, muchikhazike pa njerwa ziwiri kuti madzi azidontha momasuka. Ngati munangokumba katondo wa kuseri kwa nyumba, uja akauma amalimba ngati njerwa, musinthe: magawo awiri a dothi, limodzi la manyowa owolerana bwino, limodzi la mchenga wa kumtsinje. Mukatero musathirirenso mpaka pamwamba pauma.

Nanga muzithirira kangati? Funso limeneli sindiliyankha ndi nambala imodzi, chifukwa chigubu cha pakhonde la ku Area 25 sichiuma ngati cha ku Dedza. Funsani chala chanu cha mkombaphala. Chipiseni m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba, masentimita 2 kapena 3. Chikatuluka chozizira, dothi litamatirira, dutsani. Chikatuluka chouma, thirani pang'onopang'ono mpaka madzi ayambe kutuluka kunsi, kenako mulekere pomwepo. Kuwaza timadzi pamwamba kawiri pa tsiku kumapangitsa mizu kumangoyandama pamwamba, pomwe dzuwa limawotcha kwambiri. Mwezi uno, zigubu zikabooledwa, mwina chala chizikutumani m'mawa uliwonse. Mu Juni ndi Julaye chizikuuzani kuti dikirani masiku atatu kapena anayi, ndipo nthawi imeneyo chenjerani kwambiri: basil amadana ndi kuzizira kotsika pa madigiri 10, ndipo dothi lonyowa lozizira limamumaliza msanga.

Pali kafungulo kena. Mukapeza masamba atagona cha m'ma 1 koloko masana koma pofika madzulo adzuka okha, kumeneko n'kutentha chabe. Sunthirani chigubu pomwe chizilandira dzuwa la m'mawa maola 6, n'kupeza mthunzi masana. Koma mukadzuka m'mamawa n'kuwapeza ali chigonere dothi lili lonyowa, vuto lili kumizu.

Amene mwabzala pabedi, pamafunika mamilimita pafupifupi 25 pa sabata. Kunena m'chilankhulo cha kudimba, ndowa ya malita 20 ndi kachigubu kamodzi ka malita 5 pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, muwagawe maulendo awiri kapena atatu. Phimbirani ndi udzu wouma, kusiya kampata kuzungulira tsinde. Madziwo azigwera pansi osati pamasamba, komanso m'mawa. Masamba ogona onyowa amagwidwa nkhungu yotuwa kunsi kwake, pamwamba n'kuchita chikasu. Anzathu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mukudziwa m'mene chiperoni chimanyowetsera zinthu masiku angapo. Nthawi imeneyo ndowa izipuma.

Ndikuuzeniko za mtundu wake, chifukwa khalidwe lake la pamadzi likuchokera kumeneko. Akatswiri amamutcha Ocimum × africanum. Ndi mwana wa makolo awiri: basil wa masamba aakulu uja amakonda ku Italy, ndi Ocimum americanum, yemwe kwathu kuno ndi mpungabwi, uja agogo ankathyola kuti athamangitsire udzudzu m'nyumba. Mpungabwi umamera wokha m'mbali mwa njira popanda wouthirira, ndiye mwana wakeyu ludzu la tsiku limodzi amalipirira kuposa kuima m'madzi. Komabe musamuyese dala. Akamauma kawirikawiri amafulumira kuchita maluwa, ndipo mtundu uwu ndi wofulumira kale. Maluwa akatuluka, masamba amachepa n'kukhakhala. Muzitsina nsonga pamwamba pa masamba awiri oyang'anizana, aziphukira m'mbali. Fungo la ndimulo limachokera ku mafuta otchedwa citral, omwe alinso mu udzu uja timathira mu tiyi. Ku Indonesia, komwe amamutcha kemangi, amadya masamba ake osaphika pambali pa nsomba yokazinga. Ine ndinayesa ndi chambo chootcha, ndipo kuyambira pamenepo sindinabwererenso m'mbuyo.

FUNSO: Bambo wa ku Nchalo akufunsa ngati angathirire basil ndi madzi otsukira mbale, popeza kumjigo n'kutali.

YANKHO: Bambo, otsukira mpunga kapena masamba ndi abwino, athireni tsiku lomwelo asanasase. A sopo ndi mafuta ayi, makamaka m'chidebe, momwe mchere ulibe kothawira. Kwanu kumeneko mijigo ina imatulutsa kale madzi amchere. Mukaona zoyera ngati phulusa m'mphepete mwa chidebe, nsonga za masamba n'kumapsa, thirani madzi abwino ochuluka kamodzi kuti atsuke dothilo n'kutulukira kunsi. Ndi kutentha kwa ku Chigwa cha Shire, kachidebe kakang'ono kakhoza kufuna madzi kawiri pa tsiku. Pezani chachikulu cha malita 10 chizisunga chinyezi.

Ndibwererenso kwa inu mayi a ku Area 25. Musanachite china chilichonse lero, dulani nsonga yathanzi yotalika masentimita 10, muchotse masamba am'munsi, muyiike m'tambula ya madzi pafupi ndi windo. Muzisintha madziwo pakapita masiku awiri. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muona timizu toyera, ndipo ngakhale zigubu zonse zitakanika, kwa alamu anu simudzapitanso kukapempha zina.