Nambala ya papa ndinali nayo, mizu ndinalibe

Achemwali, nambala ya munthu wa Mulungu wamphamvu imene mukupemphayo ine sindikupatsani, ndipo inu amene mwayamba kale kuwaponyera manambala ku inbox, chonde tayimani kaye. Pamene mwalemba kuti vuto likangofika pemphero limakuumirani m'kamwa, manja anga ayamba kunjenjemera. Ndili pabenchi ku msika wa Tsoka pano, zovala ndasiyira mnzanga woyandikana naye kuti azindionera, ndilembe izi mtima ukadali wotentha.

Nambalayo ine ndinali nayo, ndinaisunga kuti Papa. Zaka zitatu zathunthu. Stika yawo pachitseko, kabotolo ka mafuta odzoza m'chikwama, chibangili pamkono. Lachisanu lililonse ndinali ku mapemphero ochezera, phiri la Bunda ndinalikwera kangapo m'mimba mulibe kanthu. Anzanga ankati ndine woyaka moto. Koma Baibulo langa mukanaliona, masamba ake anali omatana ngati lagulidwa dzulo. Ndime zimene ndinkadziwa zinali zitatu zokha zimene papa ankakuwa nazo pa maiki: Malaki 3:10 ya chakhumi, Luka 6:38 ya kupatsa, ndi Masalimo 105:15 yoti musakhudze odzozedwa anga. Zimenezo basi, zaka zitatu.

Tsiku lina anandiimiritsa pakati pa mpingo n'kunena kuti aona mu mzimu kuti geni yanga ya kaunjika sikukula chifukwa amayi anga ku Mitundu anandimanga. Ine ndinakhulupirira. Amayi ankanditumizira ufa woyera ndi mfutso wa nkhwani pa minibasi, ine n'kumakakhuthulira kudzala, ufa umene anakonola ndi manja awo. Foni yawo ndinasiya kuyankha chaka chonse.

Ndiye February wa 2019. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zinayi, anatentha thupi Lolemba. M'malo mothamangira kuchipatala ndinamupaka mafuta pachipumi, ndinamumwetsa madzi opempherera, masiku awiri, chifukwa tinaphunzitsidwa kuti kuyamba ndi chipatala n'kusakhulupirira. Lachitatu usiku linjirinjiri linamugwira. Maso anatembenuka, mano analumana, kathupi konse gwa ngati thabwa. Bambo ake anali pamsewu wa ku Beira ndi thiraki. Mvula inali ikukhuthuka. Ndinagogoda kwa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndinamangirira mwana kumsana ndi zitenje ziwiri, matope a ku Area 25 mumawadziwa. Nsapato yake imodzi ya pulasitiki inagwera panjira, inayo ndili nayo mpaka lero.

Anamwino anathamanga nafe, amenewo sindingawanenere choipa. Anati ndi malungo aakulu ndipo magazi achepa kwambiri. Anamuika diripi pakadzanja, mtsempha anachita kuufufuza. Adokotala anangondifunsa motsitsa mawu kuti, mayi, munali kuti masiku onsewa? Ndinasowa choyankha. Ndinatuluka pakhonde n'kuyamba kuimbira papa. Kakhumi ndi kamodzi, ndinawerenga pambuyo pake mufoni. Kenako anayankha mnyamata wawo wonyamula chikwama uja. Akuti papa ali paguwa, sangasokonezedwe, tumizani kaye mbewu ya moyo kuti dzina la mwana liikidwe paguwapo. Mufoni munali K60,000 ya banki mkhonde imene ndinakongola kuti ndiwonjezere pogula belo. Ndinatumiza yonse nditatsamira khoma, zala zikuterera ndi madzi a mvula. Uthenga woti ndalama zapita unalowa. Nditaimbanso, foni inali yozima.

Ndinabwerera pabedi, ndinagwada, ndinati ndipemphere ndekha. Achemwali, apa ndi pamene ndikufuna mumve. Ndinatsegula pakamwa, munalibe kanthu. Zimene zinkatuluka ndi moto, moto, ndalandira, ndalandira, mawu okuwira m'chigulu, opanda ntchito pambali pa mwana amene akupuma mobanika. Salimo ngakhale limodzi ndinalibe. Lonjezo la Yesu ngakhale limodzi loti ndiligwire ndinalibe. Mayi wina wa pabedi loyandikana, amenenso mwana wake anali pa diripi, ndi amene anayamba kunong'ona Salimo 23 pamtima, dzanja lake lili paphewa panga, ine n'kumangotsatira mawu ake ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Nthawi itayandikira 4 koloko m'bandakucha, mwana wanga anatisiya.

Papa pamaliro sanabwere, ngakhale kutumiza munthu. Tsiku lachitatu, maso akadali otupa, analowa pa WhatsApp ndi uthenga wa mawu. Akuti mwana wanga, unatsegula khomo wekha ndi kukayika kwako, guwa la kwanu lija lamwa magazi, bwera ndi mbewu ina titseke lisanatenge wina. Munthu wotani ameneyo? Mayi waika mwana dzana, iwe ukumuuza kuti wapha yekha, n'kumupemphanso ndalama? Mpaka lero ndikamuona pa Facebook ndi suti yake yonyezimira, anthu akugwa, ena akulemba ameni ameni, mseru umandigwira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo anzanga a mapemphero ochezera aja, amene tinkagawana nawo chitenje paphiri, anayamba kundilambalala mumsika ngati ndili ndi khate, chifukwa anauzidwa kuti ndanyamula mzimu wa imfa.

Mukudziwa amene anabwera? Amayi anga, amene ndinawatcha mfiti. Anakwera minibasi yoyamba kuchokera ku Mitundu, analowa m'siwa, anakhala pambali panga, anagoneka mutu wanga pamiyendo pawo. Za chaka chija sanafunse ngakhale liwu limodzi. Ndi amayi a Chigwirizano a ku mpingo wa CCAP umene ndinauthawa ndikuwanena kuti ndi ozizira, alibe mzimu. Anaimba nyimbo usiku wonse, anaphika, anatsuka mbale.

Miyezi isanu sindinapemphere. Baibulo ndinaliponya pamwamba pa kabati. Mmodzi mwa amayi a Chigwirizano aja, wachikulire, nyumba yachitatu kuchokera kwathu, anayamba kumabwera madzulo ndikaweruka kumsika. Buku Lopatulika lawo linali lopanda chikuto, lokulunga m'jumbo ya shuga, magalasi omanga ndi ulusi. Sanandilalikire. Ankangokhala pamkeka n'kunena kuti, mwanawe, maso angawa atopa, tandiwerengera apa. Tsiku loyamba ananditsegulira Salimo 88. Ndinawerenga munthu akuuza Mulungu kuti mwandiika kudzenje lakuya, mwandichotsera abwenzi, mukundibisiranji nkhope yanu, ndipo salimolo limathera mumdima momwemo, palibe haleluya kumapeto. Ndinafunsa kuti, amayi, zimenezi zilidi m'Baibulo? Anati zakhalamo iwe usanabadwe. Ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro. Zaka zitatu ndinauzidwa kuti Mkhristu sadandaula, amangolamula, pamene Mulungu mwini anasunga dandaulo lotere m'buku lake.

Sabata yomweyo ndinatsitsa langa lija pakabati. Buku la Yobu, mitu 42 yonse, ndinalimaliza mausiku awiri ndi tochi ya foni magetsi atazima. Anzake atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, ankayankhula ngati papa ndendende, kuti tsoka silingagwere munthu wosalakwa, ulula chimene wachita. Nditafika pa 42:7, pamene Mulungu akuuza Elifazi kuti mkwiyo wake wamuyakira iye ndi anzake awiri chifukwa sananene zoona za Iye, ndinadzuka pabedi n'kuyamba kuzungulira m'chipinda. Kenako Yohane 9, ophunzira akufunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, Yesu n'kuyankha kuti sanachimwe iyeyu ngakhale makolo ake. Ndinaganiza za amayi anga ndi ufa uja. Kenako Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya akutulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro n'kumuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo. Ndime yanga yoopsa ija ya odzozedwa nditaiwerenga kuyambira pamwamba pake, ndinapeza kuti ikukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo, anthu ochepa oyendayenda m'mayiko a eni, Mulungu akuletsa mafumu kuwazunza. Siikukamba za munthu woletsa nkhosa kumufunsa kumene chopereka chikupita.

Koma imene inandilasa kwenikweni ndi Marko 4:16-17, mbewu yogwera pamiyala. Amalandira mawu msangamsanga ndi chimwemwe, koma alibe mizu, ndipo masautso akafika amagwa pomwepo. Ndinali ine. Chimanga chothira ureya wambiri, chobiriwira mochititsa kaso, mphepo ya February ikawomba chonse lambalamba pansi. Inu amene munakulira kumudzi mukuudziwa msangu. Nthawi ya dzinja umayoyola masamba, umaoneka ngati wouma pamene tchire lonse likunyadira. Koma dikirani October, dzuwa likuswa mtengo, udzu wapsa, msangu ndi umene uli biriwiri, mbuzi zikubisala pansi pake, chifukwa muzu wake unapita pansi kukapeza madzi. Yeremiya 17:8 sanena kuti mtengo wa m'mbali mwa madzi suona kutentha. Akuti kutentha kumafika, chaka cha chilala chimafika, koma suopa.

Ndiye achemwali, musadalire munthu aliyense, werengani nokha. Yambani ndi Marko, ndi mitu 16 yokha, umodzi patsiku, musathamange. Ngati Chichewa cha Buku Lopatulika chikukulemerani, tengani Buku Loyera limene a Bible Society of Malawi anatulutsa mu 1998, limayankhula mmene timayankhulira, ndipo pafoni limapezeka. Zimandipweteka ndikaganiza kuti Baibulo lathunthu m'chiyankhulo chathu lilipo kuyambira 1922, William Murray wa mishoni ya Nkhoma ndi anzake, pamodzi ndi makolo athu amene ankawathandiza mawu, anathera zaka zambiri pa ntchito imeneyo, konkuno kuchigawo chapakati, koma ife patatha zaka zoposa 100 tikudikira munthu wa suti kuti atiuze zimene zalembedwamo. Wina akakupatsani ndime, werengani zisanu za pamwamba pake ndi zisanu za pansi pake musananene ameni. Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku ngati zimene ankamva zinali zoona, ndipo amene ankawalalikirayo anali Paulo. Gulani kope la ana a sukulu, lembani ndime imodzi imene yakukhudzani, muiloweze pamtima mukutsuka mbale kapena muli mu minibasi ya ku Depoti, chifukwa usiku umene mudzaifune simudzakhala ndi mphamvu yotsegula buku.

Komanso musamawerenge muli nokhanokha nthawi zonse ayi, mutu umodzi susenza denga. Ine pandekha sindikanalitsitsa pakabati paja. Pezani mayi wachikulire wa kumpingo kwanu, amene anaikapo ana ndi mwamuna koma akupempherabe, mukhale naye pamkeka. Pitani ku mlaga, kapena ku mphakati ngati ndinu a Katolika, kumene anthu khumi amatsegula Baibulo pakhonde ndipo mungathe kufunsa funso osakuuzani kuti mwagwidwa ndi chiwanda. Abusa oona alipo ambiri mu Lilongwe muno, musawaike m'thumba limodzi ndi uja, muziwamvera. Kusala kudya sindinasiye, kuphiri ndimapitabe nthawi zina, koma ndi Baibulo m'manja. Mukhululukirenso amene anakulakwirani, Mawu amatero, ngakhale ine ndikamva dzina la munthu uja pakhosi pamandiwawabe, ndikulimbana nazo.

Ndipo mwana akatentha thupi, mum'pempherere muli pakabaza kupita kuchipatala, tsiku lomwelo. Izi ndikukupemphani ndikugwada.

Kwa amayi ndinapita kukapepesa chaka chomwecho, nditagwada pabwalo pamaso pa amalume. Anangoti dzuka, nsima ikuzizira. Pano maso awo achita ng'ala, ndiye ndikapita ku Mitundu ndimawawerengera ndine. Lamlungu lapitali tinali pa Marko 5, mwana wamkazi wa Yairo. Ndinafika pa ndime 41, pamene Yesu akugwira dzanja la kamtsikana kaja n'kunena kuti Talita kumi, mawu anandithera. Tinakhala chete nthawi yaitali, nkhuku zikutola madeya pafupi ndi mkeka. Kenako amayi anandigwira bondo n'kunena kuti, pitiriza mwanawe, sunamalize.

Mnzanga uja akundikodola, kwafika kasitomala. Mukayamba Marko usiku uno mundiuze pansipa, nanenso ndibwerera pa mutu 1 tiyendere limodzi.