Za usiku wa ku Ulongwe, kuyankha achimwene ochokera ku Tete

Achimwene mwati ntchito yakusamutsani kuchoka ku Tete kubwera kuno ku Ulongwe, ndiye mukufunsa ngati usiku kumakhala kotakataka, komwe anthu amamwera, komanso ngati nzoona kuti kumtunda kuno mowa umagwira msanga. Ndaona ena mugulu muno angokuyankhani kuti kumeneko nkumudzi 8 koloko onse agona. Ayi sizili choncho. Ine ndisanabwere kuno ndinkakhala ku Matundo, ndiye konse kuwiri ndikukudziwa, mundilole ndilembe motalikirapo.

Choyamba Tete muyiiwale kaye. Ku Tete munthu umatuluka usiku chifukwa mnyumba simukhalika, malata amakhala akulavulabe moto wa masana, Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye umakhala panja pa baraka (kabala kakang'ono) mpaka 2 koloko mmawa utavala kabudula ndi patapata, botolo likangotuluka mu firiji umalimwa mothamanga lisanafunde. Kuno zinthu zimayenda mwina. Tete ili pansi mchigwa cha Zambezi, pomwe Ulongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo phiri la Domwe mboma lathu lomweli la Angonia limadutsa mamita 2,000. Mudzamva nokha mu shapa (minibasi), mukangopatuka pa Mussacama kusiya msewu wa ku Zobwe galimoto imayamba kukwera, anthu nkuyamba kutseka mawindo mmodzimmodzi, amayi kumasula zitenje nkufunda. Kuzizira kumeneko ndi komwe kumalamula usiku wa kuno, nthawi yotuluka, malo okhala, ngakhale chomwe umwe.

Ndiye kuno anthu amayamba molawirira. Cha m'ma 5 koloko madzulo mabaraka a kufupi ndi msika ndi a mmbali mwa msewu waukulu amakhala ayamba kudzaza, aphunzitsi, a zaumoyo, ogula mbewu, madalaivala a mathiraki odikira kuwoloka pa Calomue kupita ku Dedza. Mkati mwa sabata pofika 10 koloko ambiri amakhala abalalika, makamaka Juni ndi Julayi. Koma maola amenewo amakhala okoma mwa mtundu wake. Baraka yomwe ndimakonda ine ndi kachipinda kamodzi, mabenchi atatu, tebulo la pulu pakhonde, pakati mbaula ya makala, aliyense dzanja limodzi botolo lina akuwotha. Panja mnyamata wa chiwaya akukazinga tchipisi ta mbatatesi zokumbidwa dzulo lomweli, pambali kanyenya wa mbuzi kapena kapado, mchere ndi piripiri pa kapepala. Mbatatesi ya kuno ndi ya ku Tsangano ndi yomwe mumagula ku Tete itafota kale ndi ulendo, kuno mudzaidya idakali ndi fungo la dothi. Ndipo mayi wa baraka amakufunsa kuti wozizira kapena wa pa shelefu? Ku Tete funso limeneli kulibe, kuno mu Julayi ambiri timati wa pa shelefu.

Mowa wake ndi womwewo mukuudziwa, 2M, Manica, Laurentina, Txilar, ndi Impala kwa amene thumba lapepuka. Kusiyana kwake nkwakuti malire ali pafupi ndiye mumapezanso za ku Malawi, Green wa Carlsberg, Kuche Kuche, Malawi Gin, ndipo nyimbo zimangosakanikirana, kizomba ikatha kulowa ya Chichewa kenako amapiano, palibe amene amadabwa. Kulipira ndi M-Pesa kapena e-Mola malo ambiri amalola koma netiweki imagwa, musamayende opanda ndalama ya mmanja.

Lachisanu ndi Loweruka ndiye kumasintha. Malo ovina alipo, si ambiri ngati ku Tete koma amadzaza, kwenikweni chifukwa cha ana a sukulu ya ulimi ya UniZambeze yomwe ili konkuno, amenewo kuzizira sakuopa. Komanso muziyang'ana nyengo. Anthu akagulitsa fodya, soya ndi mbatatesi tawuni yonse imatentha, mabaraka amachezera, mitengo ya nyama imakwera. Januwale ndi Febuluwale kuli zii, mvula, matope, anthu ndalama zonse zili mmunda.

Tsopano funso lanu loti mowa umagwira msanga kumtunda. Kutalika kwa kuno si kofika poti mpweya nkuchepa mpaka munthu kudwala ngati kumapiri aatali a kunja. Chomwe chimavulaza anthu kuno ndi chisanu, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse. Mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi ofunda amathamangira kunja, iwe umamva ngati watenthedwa mpaka kuvula jekete, chikhalirecho thupi likutaya kutentha kwake mwachangu. Woledzera sanjenjemera bwinobwino ndipo tulo timamupeza paliponse. Ku Tete munthu akagona mmbali mwa msewu amadzuka ndi udzudzu basi, kuno mu Juni akhoza osadzuka. Mnzanga wina wochokera kumunsi konko, mwezi wake woyamba kuno, anamwa zokalipa nkunena kuti akupita kunyumba wapansi atavala shati yokha. Mwamwayi mlonda wina anamuona cha mmbandakucha atakhala tsonga mu ngalande, milomo itachita bii, mawu osatuluka, zala zitauma osatha kugwira kiyi. Tinamufunditsa mabulangete atatu nkumupatsa tiyi wa shuga pang'onopang'ono mpaka anayamba kulankhula. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake mtima umandiwawa, chifukwa tonse tinamuona akutuluka ndipo palibe anamuletsa.

China chofanana nacho ndi mbaula. Mukabwera kunyumba mutazizidwa mudzafuna kulowa nayo kuchipinda nkutseka chitseko ndi mawindo. Chonde musayerekeze. Makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo, munthu umangomva mutu kulemera nkugona, ndiye ukakhala wamwa sudziwa nkomwe. Wothani panja kapena pakhonde, pogona mbaula itsale kunja, gulani bulangete lachiwiri.

Za mowa wa kumudzi ndinenenso, chifukwa anzanu a kuntchito adzakutengerani tsiku lina. Angoni a kuno mowa wa masese ndi chikhalidwe, pa ukwati, pa chiliza, pa ngoma, chipanda chimayenda mmanja ndi mmanja ndipo mlendo akakana osalawa nkomwe amaoneka wonyada. Masese ophikidwa bwino ndi abwino, amakhutitsa ngati phala, ndipo ngati simukufuna kuledzera pemphani thobwa palibe adzakunyozeni. Koma muzimwa pomwe wofululayo anthu akumudziwa ndipo iyenso akumwa nawo. Tonse a chigawo chino sitinaiwale za ku Chitima mu Januwale 2015, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa kumudzi pobwera kumaliro, ndipo atafufuza anapeza kuti ufa wa chimanga womwe anafululira unali utaonongeka nkukhala ndi poizoni wa tizilombo. Kachasu ndiye ine sindingakulimbikitseni, ngakhale akuuzeni kuti ndi mankhwala a chisanu. Mphamvu yake siidziwika, botolo lililonse ndi lakelake, ndipo ndi yemweyu amagonetsa anthu panja. Chimodzimodzi timabotolo totchipa ta pulasitiki tija achinyamata amabisa mthumba.

Pobwerera kunyumba, kuno ma txopela (timatakisi ta mawilo atatu) si ochuluka ngati ku Tete, timadalira anyamata a njinga zamoto. Pezani mmodzi wokhulupirika, musunge nambala yake, mudzigwirizana nthawi musanayambe kumwa. Usiku nkhungu imatsika yambiri moti nyali ya njinga imangoona pafupi, misewu ya mmadera okhala anthu ilibe magetsi, ndipo mphepo ya pa njinga 11 koloko usiku imalowa mpaka mmafupa. Mukafuna kukaona Dedza pitani masana ndi mapepala anu onse nkubwerako dzuwa lisanalowe, zodutsa njira zachidule usiku mutamwa zisiyeni, ndiponso kumeneko kumazizira kuposa kuno.

Mwati mukufika kumayambiriro kwa Juni eti? Ndiye mwagwa pakati penipeni pa chisanu. Musananyamuke gulani jekete yokhuthala, chipewa cha ubweya ndi masokosi, nsapato zotseka osati patapata. Mukafika mundilembere ku inbox, Lachisanu loyamba ndidzakutengani ndekha ku baraka ya mbaula ija cha m'ma 5, tidzayambe ndi tchipisi ndi kanyenya, wa njinga wanga ndidzamuuziratu kuti adzatipeze 9 koloko.