Kwa achemwali a ku Yeoville, ku Johannesburg, amene nsikidzi zawasowetsa tulo

Achemwali, pepani kwambiri. Mwati mwana akumadzuka ndi totupa toyabwa m'khosi ndi m'mikono, pa nsalu yoyala pali timadontho takuda, ndipo zonsezi zayamba mutagula matiresi akale kwa munthu amene amasamuka. Ndi nsikidzi zimenezo. Mwafunsanso ngati mugule mankhwala a m'timapepala amene amagulitsidwa pamsewu. Chonde musagule.

Ndayambira pamenepo chifukwa ndi pamene pali moyo wa mwana. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo boma linapeza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagulitsa mobisa kuti ndi ophera makoswe ndi tizilombo ta m'nyumba. Kapepala kopanda dzina simungadziwe kuti muli chiyani. Chimodzimodzi mapiritsi aja timaika m'matumba a chimanga kumudzi: amatulutsa mpweya wakupha, ndipo mapiritsiwo sayenera kulowa m'chipinda chogona anthu ngakhale pang'ono. Parafini nayenso ayi, poti ambirife timaphikira m'chipinda momwemo.

Musadzione ngati ndinu auve. Nsikidzi sifuna nyenyeswa za nsima ngati mphemvu, imafuna magazi basi. Siuluka, sidumpha, timainyamula tokha: m'matiresi ndi m'masofa ogula kwa ena, m'zovala za kaunjika, m'zikwama zimene zagona mulu umodzi ndi za anthu ena m'ngolo ya basi kuchokera ku Blantyre mpaka ku Park Station. M'mafulati a ku Yeoville, Berea ndi Hillbrow, kumene chipinda chimodzi timachigawa ndi katani kapena bolodi, zimangoyenda zokha kudutsa m'ming'alu ndi m'mabowo a mawaya a magetsi.

Mawa kukacha tengani tochi ya pafoni, mutembenuze matiresiwo. Tsegulani msoko wa m'mphepete ndi chala, makamaka kumutu. Mudzaona zofiirira zaphwatalala, timazira toyera tomatirira pansalu, ndi timakoko touma timene zafundula. Yang'ananinso molumikizira matabwa a bedi ndi kuseri kwa kalendala. Yaikazi imodzi imaikira mazira oposa 200 pa moyo wake, ndipo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10. Ndiye chifukwa chake munthu amapopera lero, nkugona bwino sabata imodzi, kenako nkuyambanso kudzikanda. Mankhwala opopera a m'sitolo nthawi zambiri safika pa mazirawo, ndipo nsikidzi zambiri masiku ano zinawazolowera.

Chimene sizinazolowere ndi kutentha. Zofunda, makatani ndi zovala zonse muziike m'majumbo, mumange pakamwa musanazitulutse m'chipinda. Zichapidwe ndi madzi otentha kufika madigiri 60, kapena mupite nazo kochapitsa zovala akaziike m'makina oumitsira kwa mphindi zosachepera 30. Matiresi muwasite ndi simbi yotentha, msoko ndi msoko, mosafulumira. Bedi mulimasule, mulitulutse panja, muthire madzi owira molumikizira monse, mwana ali kutali. Kuyanika padzuwa kokha sikukwanira, zimangothawira kunsi kozizira. Matiresiwo ngati anang'ambika mpaka siponji kuonekera, atayeni, koma muwachekecheke kaye kuti mnzathu wina asawatole. Zonsezi mubwereze sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu. Kukagona kwa achibale kuti zife ndi njala sikuthandiza, zimatha miyezi ingapo osadya, ndipo mukhoza kukazisiya kumeneko.

Chovuta kwambiri ndi kuuza anzanu a m'nyumbamo. Ndikudziwa kuti zimachititsa manyazi, ena amaopanso kuti eni nyumba awathamangitsa. Koma mukalimbana nazo nokha, za chipinda chinacho zidzabwerera. Khalani pansi nonse, muitane eni nyumba, musonkherane ndalama za wopopera mankhwala amene analembetsa ku unduna wa zamalimidwe wa dziko lino la South Africa. Akabwera muoneni chiphaso chake, akuuzeni dzina la mankhwalawo, maola oti mukhale panja, ndi tsiku lodzapoperanso kachiwiri. Wokana kuyankha zimenezi musamulole kulowa.

Za mwanayo, mtima ukhale m'malo: nsikidzi sizidziwika kuti zimafalitsa matenda ngati mmene udzudzu umachitira ndi malungo. Vuto ndi kusowa tulo komanso kudzikanda mpaka zilonda. Muwengeni zikhadabo, muzimusambitsa ndi sopo, mumudzoze calamine wa ku famase. Totupato tikayamba mafinya, thupi likatentha, kapena mukaona kuti maso ndi m'manja zayera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati wina m'nyumbamo anamwaza kale mankhwala a pamsewuwo, mwana nkuyamba kusanza kapena kutuluka dovu, thamangirani kuchipatala, mutenge kapepalako, muli m'njira muimbe 0861 555 777, nambala yothandiza anthu amene akhudzidwa ndi poizoni, yomwe imayankhidwa usana ndi usiku.