Mng'ono wanuyo akhoza kuikira umboni, koma pali pomwe woweruza adzamuletsa

Achemwali, pepani ndi ngoziyo. Mwati galimoto inakuombani kumbuyo ku California, msana mpaka lero sukukupatsani mtendere, ndipo loya wanu akufuna kulemba ganyu dokotala wodzaikira umboni, pomwe mng'ono wanu ndi nesi ndipo ndi amene wakhala akukusamalirani. Ndiye mukuti bwanji osangotenga iyeyo?

Mutengeni, koma ngati mboni ya zimene anaona ndi maso ake. Gawo 702 la malamulo a umboni (Evidence Code) a ku California limati mboni wamba ilankhule zimene ikuzidziwa yokha. Ngati ankakusambitsani, ngati anakuonani mukulephera kuwerama kuti mumange nsapato kapena kunyamula mwana, akanene zimenezo. Anthu a jury, anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlandu, amamva bwino nkhani yotere kuposa mawu achingerezi cha madokotala.

Koma akangoyamba kunena kuti vuto la msanalo linabwera chifukwa cha ngoziyo, loya wa inshulansi adzaimirira pomwepo kutsutsa. Chimene chinayambitsa kuvulala ndi funso la katswiri, ndipo katswiriyo ayenera kunena kuti mwachipatala n'zotheka kwambiri kuti ngoziyo ndiyo inachititsa, osati "mwina". Gawo 720 limalola munthu kukhala katswiri chifukwa cha maphunziro kapena luso la pantchito, koma unesi paokha sungakhutiritse woweruza pa nkhani ya MRI (chithunzi cha kuchipatala cha m'kati mwa thupi) ya msana. Komanso ndi m'bale wanu. Mbali inayo singalephere kukumbutsa jury zimenezo.

Mlandu wanu wagona apa, chifukwa a inshulansi amakonda kunena kuti msanawo unali wotha kale ndi ukalamba kapena ntchito. Adzabwera ndi dokotala wawo wodzanena zomwezo. Inu mukapita opanda wanu, ndani adzamuyankhe?

Musanalipire mlendo, funsani loya za dokotala amene akukuthandizani panopa. Pa mlandu wa Schreiber mu 1999, khothi lalikulu la California linati dokotala wotere akhoza kunena maganizo ake pa zimene anapeza pokuchizani, ngakhale chimene chinayambitsa vutolo, bola dzina lake likhale pamndandanda wa akatswiri. Mndandandawo mbali ziwiri zimasinthana kawirikawiri kutatsala masiku 50 kuti mlandu uyambe, ngati mbali ina yapempha. Mukaiwala dzina, woweruza akhoza kumuletsa kulankhula ngati katswiri, kaya ndi dokotala wodziwa bwanji.

Za ndalama: mboni wamba imalandira $35 patsiku ndi masenti 20 pa mailosi. Katswiri amalipiritsa pa ola, ndipo saloledwa kugwirizana kuti adzalipidwa mukapambana. Onani pepala limene munasainirana ndi loya, chifukwa ambiri amayamba alipira okha n'kudzachotsa pa chipukuta misozi.

Enanu amene mwayankha achemwaliwa kuchokera ku Florida ndi New York, malamulo okhudza umboni wa akatswiri si amodzi.  Mlandu wa achemwaliwa uli m'khothi la California, ndiye atsatire za komweko.