Tikufuna kukamangira ukwati pamwamba pa phiri, tinyamule chani?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mtsikana wina amene wandipempha kuti dzina lake lisatuluke, ndiye sindimutchula. Mwachidule akuti iyeyo ndi bwenzi lake agwirizana kuti ukwati wawo usakhale wa chinamtindi cha anthu, akufuna akwere phiri limodzi ndi womangitsa ukwati, mboni ziwiri ndi wojambula zithunzi basi, akalumbirire pamwamba pomwepo dzuwa likutuluka, zija akumazitcha adventure elopement zija. Kwatsala miyezi itatu, dilesi anagula kale, koma akuti wayamba kusowa tulo chifukwa sakudziwa kuti alongedze chani komanso dilesiyo akwera nayo bwanji phiri osawonongeka.

Achemwali, choyamba zabwino zonse, ndasangalala nanu kwambiri. Ine ndinakhalako mboni pa ukwati wa mnzanga wapamtima wa mtundu womwewu komanso mapiri ndakwera angapo ndithu, ndiye zomwe ndikuuzeni pano zina ndinazionera ndi maso angawa. Chachikulu chomwe ndikufuna mugwire ndi chakuti phiri silidziwa kuti ndi tsiku la ukwati wanu. Mphepo iwomba momwe imawombera masiku onse, miyala iterera chimodzimodzi, mvula ikafuna kugwa siyifunsa kuti mwavala zoyera. Ndiye mulongedze ngati anthu okwera phiri kaye, zaukwatizo muziike pamwamba. Ambiri amatembenuza, amayamba ndi maluwa ndi velo kenako jekete amayikumbukira ali pakati pa njira mano akugundana.

Koma tisanafike ku chikwama tiyambe ndi mapepala, chifukwa ndi okhawo amene simungawakonze usiku womaliza. Simunandiuze dziko lomwe phirilo lili, ndipo malamulo ake amasiyana kwambiri malo ndi malo. Ku Scotland mwachitsanzo mutha kumangitsa ukwati panja paliponse bola womangitsayo akhale wovomerezeka, koma mafomu odziwitsa za ukwatiwo ayenera kufika kwa olembetsa maukwati pasadakhale ndi masiku osachepera 29, ndipo pamafunika mboni ziwiri za zaka 16 kapena kuposa. Ku Colorado ku America ndi zosiyana, kumeneko awiri okwatiranawo atha kudzimangitsa okha popanda womangitsa ngakhale mboni, koma laisensi yake imagwira ntchito masiku 35 okha kuchokera tsiku lomwe mwaitenga. Ndiye pali nkhani ina ya chilolezo cha malowo, chomwe ndi chosiyana ndi laisensi ya ukwati. Mapaki a ku America monga Yosemite ndi Rocky Mountain salola mwambo wa ukwati popanda pemiti ngakhale mukhale anthu ochepa bwanji, ndipo amakuuzani malo enieni oti muime. Mawa lomweli imbani foni ku ofesi yolembetsa maukwati ya dera limenelo komanso kwa oyang'anira phirilo, muwafunse zonse mpaka za drone, kandege kakang'ono kojambulira m'mwamba kaja, ngati wojambula wanu ali nayo, pajatu m'mapaki a boma la America zinaletsedwa kuyambira 2014 ndipo malo ena ambiri amaletsanso. Anthu ena akaona kuti mapepala akuvuta amakasainiratu ku ofesi tsiku lina mwakachetechete kenako kuphiriko amakangonena malumbiro awo, ine sindionapo cholakwika chilichonse pamenepo, ndipo zimachotsa mtolo waukulu pamtima.

Mapepala onsewo, ziphaso zanu, malumbiro amene mwalemba, muike mu kathumba ka pulasitiki kotseka ndi zipi ndipo muwajambulenso pa foni. Ndipo cholembera! Pa ukwati wa mnzanga uja tinafika pamwamba anthu asanu tonse opanda cholembera, aliyense ankaganiza kuti mnzake watenga, mpaka tinachita kudikira anthu ena odutsa kuti atibwereke, mkwatibwi ali njenjenje ndi kuzizira. Tengani ziwiri za inki yakuda, muike m'zikwama zosiyana.

Tsopano nthawi. Mwati mukufuna dzuwa likutuluka muli pamwamba kale, ndiye tiwerengere chobwerera m'mbuyo. Okwera mapiri ali ndi kawerengedwe kakale ka William Naismith ka mu 1892, kakuti ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuphatikizapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Tinene kuti njira yanu ndi ya makilomita 6 ndipo mukwera mamita 600, ndiye kuti maola awiri ndi mphindi pang'ono, koma kawerengedwe kameneka ndi ka munthu wamphamvu woyenda masana osaima. Inu muyenda mumdima, ndi katundu kumsana, ndi womangitsa ukwati amene mwina sanazolowere zitunda, ndiye ikani maola atatu, muonjezere mphindi 45 zopumira, kupukuta thukuta ndi kuvala. Ngati dzuwa likutuluka 6 koloko ndiye kuti phazi loyamba muponye cha m'ma 2 koloko usiku. Mukaona kuti zimenezi zikukuopsani palibe manyazi kusankha malo apafupi, malo okongola sakhala pansonga pokha ayi. Aliyense akhale ndi tochi yovala pamutu ndi mabatire ena apadera, tochi ya pa foni musayidalire chifukwa manja onse awiri amafunika pokwera.

Kuzizira ndi kumene anthu amakupeputsa kwambiri ndipo ndi kumene ndikufuna ndikhalitsepo. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndiye ngati pansi pali madigiri 15 ndipo malo anu ali mamita 1,500 pamwamba pake, mukapeza madigiri 5, musanawerengere mphepo, komanso nthawi yozizira kwambiri pa tsiku lonse ndi mbandakucha womwewo umene mwasankhawo. Choopsa china ndi thukuta. Pokwera mumatenthedwa, malaya amanyowa, mukangoima mphindi khumi chinyezi chija chimasanduka chisanu cholowa mpaka m'mafupa. Chifukwa chake zovala za thonje musakwere nazo, thonje likanyowa siliuma msanga. Valani zamkati za ubweya wa nkhosa kapena za nsalu zamasewera zouma msanga zija, pamwamba pake juzi, pamwamba penipeni jekete yosalowa madzi, kuti muzivula ndi kuvala malinga ndi momwe thupi likumvera. Mukafika pamwamba vulani zonyowazo nthawi yomweyo, dzipukuteni ndi katawulo, valani zouma. Pansi pa dilesi valani thayiti yokhuthala yofanana ndi khungu lanu kapena yoyera, palibe amene adzayione pa zithunzi, ndipo jekete yotentha ikhale pafupi kuti wojambula akangotsitsa kamera muziponya pamapewa. Magolovesi, chipewa, ndi fulasiki ya chakumwa chotentha. Akunyumba kwanuwo nawonso chimodzimodzi, suti ndi yopyapyala kuposa momwe imaonekera.

Nkhani ya dilesi imene yakusowetsani tulo ija ndi yosavuta kwenikweni. Musakwere mutayivala, pokhapokha njira ili ya mphindi zochepa. Isiyeni mu thumba lake lija la zipi, muyikulunge ngati mphasa osati kuyipinda, chifukwa kupinda ndi kumene kumasiya mizere, kenako muyimangirire kunja kwa chikwama ndi zingwe kapena muyiike pamwamba penipeni mkati, thumba la pulasitiki lalikulu likute zonse kuopa mame ndi mvula. Nsalu zopepuka monga chiffon ndi tulle makwinya ake amatha okha mukangoyikutumula, satin yokhuthala ndi imene imasunga makwinya komanso imalemera, ndiye onani kuti yanuyo ndi yotani. Suti muyikulunge chimodzimodzi, jekete lake mulitembenuze kunja kukhale mkati. Pamwamba palibe chipinda chovalira, tengani nsalu yayikulu yoti mboni ikutchingireni ndi ina yoyala pansi kuti muimepo. Yeserani kunyumba kuvala dilesiyo mutaimirira, opanda galasi lalikulu, ndi munthu yemweyo amene akakumangeni kumsana, ngati ili ndi timabatani tambirimbiri ganizirani kuti zala zake zidzakhala zitauma ndi chisanu. Kasingano ndi ulusi woyera, mapini, zomangira tsitsi, kagalasi kakang'ono, zonsezi zimakwana mu kathumba kamodzi. Velo yayitali pa mphepo ya paphiri imaoneka bwino zedi pa chithunzi koma muyikhomere ndi mapini ochuluka kuposa momwe mukuganizira. Ndipo ndikuuziranitu pano, m'munsi mwa dilesi mudzada, fumbi, matope, udzu, zimenezo muzivomereze lero kuti tsikulo musakakhale mukuyang'ana pansi m'malo moyang'ana mwamuna wanu.

Nsapato zikhale zokwerera phiri zogwira bwino pansi, ndipo ngati mukugula zatsopano gulani pano muyambe kuyenda nazo, nsapato yatsopano pa tsiku lenileni ndi matuza basi. Za gogoda zija ngati mtima ukufunadi nyamulani muvale pa chithunzi chimodzi pamalo athyathyathya, koma pafupi ndi phompho ayi chonde. Masokosi awiriawiri, ndi pulasitala woti mumate pamene payamba kutentha tuza lisanatuluke.

Mphete. Zala zimatupa mukamayenda nthawi yayitali ndipo zimafota kukazizira, ndiye mphete itha kukana kulowa kapena kupulumuka mosavuta, ndipo mphete ikagwera mu mng'alu wa mwala yapita. Zikhale mu kabokosi kotseka bwino, mu thumba la zipi la mkati, munthu mmodzi yekha adziwike kuti ndiye wosunga, ndipo povekana muime pamwamba pa nsalu yoyala ija, kutali ndi m'mphepete.

Madzi werengerani theka la lita pa ola lililonse loyenda, munthu aliyense, ulendo wopita ndi wobwerera, pajatu anthu amaiwala kuti kutsika kulinso. Chakudya chikhale chopepuka chosaphwanyika, ndipo mudye musanayambe mwambo, mkwatibwi wanjala amachita chizungulire. Ngati mwanyamula botolo la vinyo woti musangalalire, kulawa kokha, zambiri mukamwere pansi. Mafuta oteteza ku dzuwa musawasiye poganiza kuti kukuzizira, kumtunda dzuwa limawotcha khungu kwambiri kuposa pansi ngakhale simukulimva. Foni muitchaje, mapu a njirayo muwatsitsiretu kuti azitsegula popanda netiweki, ndipo muzisunga foniyo ndi power bank mu thumba loyandikana ndi thupi chifukwa batire imatha msanga ikazizidwa. Ngati mukuyenda pa ndege power bank imaloledwa mu chikwama cha m'manja chokha, ndipo dilesi, mphete ndi mapepala nazonso zikhale m'manja mwanu, sutikesi ikasochera zisasochere nayo. Kabokosi ka mankhwala, bandeji, wezulo, ndi mankhwala aliwonse amene mumamwa tsiku ndi tsiku.

Ngati phiri lanu lapitirira mamita 2,500 pali matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, mutu kupweteka, nseru, chizungulire, ndipo sasankha kuti uyu ndi wamasewera. Mufike kuderako masiku awiri tsikulo lisanakwane thupi lizolowere, ndipo wina zikamuvuta mankhwala ake ndi kutsika, osati kulimba mtima.

Ndikupemphani chinthu china chimene anthu sakonda kumva. Khalani ndi malo achiwiri otsika otetezeka, komanso tsiku lachiwiri lopanda pulogalamu, ndipo mugwirizane ndi wojambula ndi womangitsa ukwati panopa kuti nyengo ikavuta mudzasintha. Mukhale pansi awiri musankhiretu kuti chikachitika chakuti tibwerera, chifukwa pamwamba paja mtima utadzaza ndi chimwemwe palibe amene amafuna kukhala woyamba kunena kuti tiyeni titsike. Ziphaliwali zikang'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu ndi kilomita imodzi, akakhala osakwana 30 chokani pansonga msangamsanga ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Nkhungu yokha siyoopsa ngati njira mukuyidziwa, ndipo zithunzi za mu nkhungu ine ndimazikonda kuposa za dzuwa, koma ikatseka mpaka osaona mapazi a mnzanu imani. Muuzenso munthu mmodzi wodalirika amene watsala pansi njira yomwe mudzere ndi ola lomwe mubwerere, ngakhale ukwatiwo mwaubisa kwa ena onse, mmodzi yekha adziwe, ndipo adziwe woti amuimbire mukachedwa.

Zowaza zija za timapepala tonyezimira musatenge, malo ambiri otetezedwa amaletsa ngakhale maluwa owaza ndi njere chifukwa zimamera komwe sizikuyenera ndipo nyama zimadya. Maluwa a m'manja funsani kaye ngati amaloledwa, muwakulunge m'munsi ndi kansalu konyowa muwaimike mu thumba la m'mbali mwa chikwama. Tengani thumba la zinyalala, chilichonse chomwe mwakwera nacho mutsike nacho mpaka tishu, ndipo muziponda m'njira ngakhale wojambula atanena kuti pa udzu apo ndi pokongola, zomera za pamwamba pa phiri zimatenga zaka kuti zibwerere zikapondedwa.

Kutatsala mwezi umodzi longedzani zonse monga momwe mudzachitire tsikulo, dilesi ndi madzi omwe, muyeze pa sikelo, chikwama cha ulendo wa tsiku limodzi chisapitirire kwambiri gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwanu, zotsalazo mugawane ndi anzanuwo. Kenako inu ndi akunyumba kwanu mudzuke usiku pa ola lomwelo mukakwere chitunda chilichonse chofanana nacho mutavala nsapato zija ndi matochi kumutu. Pobwera mudzakhala mukudziwa lamba amene akukupwetekani paphewa, chinthu chomwe mwanyamula pachabe ndi chomwe mwaiwala, mudzandilemberenso imelo mundiuze momwe zayendera, ndipo mutchule dziko ndi kutalika kwa phirilo kuti tiwerengere limodzi nthawi yonyamukira.